Mutu 7: Zomwe Thokozire Sadalembe

1. Malangizo a Bambo Nedson

Thokozire adapeza ntchito yake yoyamba atangolemba mayeso a Fomu 4. Ankangokhala pakhomo ku Chinsapo, kudikira zotsatira ndi kuthandiza mayi ake kukazinga mandasi. Kenaka kudabwera anthu a kafukufuku. Ankafuna achinyamata odziwa tinjira ta m'deralo, oti aziyenda khomo ndi khomo kufunsa mafunso. Thokozire adayesa mwayi ndipo adamutenga.

Adamupatsa tisheti yobiriwira, chikwama ndi tabuleti, foni yaikulu ija yolembamo mayankho. Mtsikana adayamba kuyenda mwina. Anzake ankamuseka kuti moni wake udasanduka wongokweza chala chimodzi, ngati wa munthu wa pa galimoto.

Kafukufukuyo adali wofuna kudziwa mmene moyo wa pakhomo umakhudzira thanzi la anthu. Ankafunsa za madzi akumwa, za chimbudzi, za anthu ogona m'chipinda chimodzi, ndiponso za ntchito yomwe makolo amagwira. Woyang'anira gulu la Thokozire adali Bambo Nedson, munthu wa imvi wochokera ku Dedza, amene adakhalapo mlangizi wa zaumoyo zaka zambiri. Tsiku loyamba adawakhazika pansi onse.

“Ana anga,” adatero Bambo Nedson, “matenda sagwa ngati matalala, kungomenya aliyense amene ali panja. Amasankha khomo. Tengani ana awiri obadwa tsiku limodzi m'chipatala chimodzi. Wina akupita kunyumba ya mpopi ndi chimbudzi chawochawo. Wina akupita ku kachipinda ka lendi, kumene mabanja asanu ndi atatu akulimbirana dzenje limodzi. Pakatha zaka zitatu mudzandiuze amene wagonekedwa kuchipatala kawirikawiri. Sikuti mayi wa winayo ndi wauve, kapena kuti samukonda mwana wake. Ndi malo amene umphawi wamukhazika. Ife tikufuna tione zimenezi ndi maso, kuti tikamalankhula ndi akuluakulu tisamanene zongomva.”

Adamwa madzi pang'ono n'kupitiriza.

“Munthu muzimufunsa ali yekha. Mukafika pa funso la madzi ndi chimbudzi, musangomva ndi makutu, dzukani mukaone. Mukapeza kuti pakhomopo mukuwadziwa, bwererani mundiimbire, nditumizako wina. Izi si zamasewera. Mvula ili pafupi. Makomo onse amene akumwa madzi a pachitsime tiwapereka kwa alangizi a zaumoyo kuti akawapatse kolorini, mankhwala othira m'madzi. Kolorini ndi wochepa, sangakwane Chinsapo yense. Khomo lomwe mwalilemba kuti lili bwino, alangizi alidumpha.”

Thokozire adagwedeza mutu kuposa onse. Malamulo amaoneka ophweka munthu ali pa benchi.

2. Pa puloti ya aNambewe

Sabata ziwiri zidayenda bwino. Lachiwiri la sabata yachitatu, dzuwa la Novembala likuswa mtengo, Thokozire adafika pa geti lina la malata. Pa mndandanda wake padangolembedwa nambala ya khomo ndi dzina lakuti Dorica. Adaodira n'kulowa.

“Si mwana wanga Thoko uyu? Lowa, lowa, taona mmene yakukhalira yunifolomu.”

Pakhonde padakhala aNambewe, mtsogoleri wa amayi a kumpingo kwawo, akusankha nyemba mu lichero. Bambo ake a Thokozire atamwalira, aNambewe ndiwo adagona pa siwa sabata yathunthu, akuphika ndi kutonthoza mayi ake. Thokozire ankadziwa kuti amakhala chakuno, koma sankadziwa kuti kuseri kwa nyumba yawo kuli mzere wa zipinda zisanu ndi zitatu za lendi.

Adakumbukira lamulo lija. Koma ndani amabwerera pageti mkulu atamuyalira kale mphasa? Adagwada, napereka moni, n'kufotokoza chomwe adabwerera.

“Dorica!” adaitana aNambewe. “Tabwera kuno, mwana wanga akufuna akufunse.”

Kudabwera mayi wachitsikana wowonda, manja ali thovu lokhalokha, atagwira kamtsikana ka zaka zitatu. Kamwanako dzina lake lidali Olipa. Kadakhala pamiyendo pa mayi ake n'kuyamba kuseweretsa lamba wa chikwama cha Thokozire.

“Amayi,” adatero Thokozire motsitsa mawu, “amati munthu tizimufunsa ali yekha.”

“Yekha? Pa puloti panga pali chinsinsi chanji? Ine ndikungosankha nyemba zanga. Funsa.”

Thokozire adafunsa. M'chipinda chawo cha lendi ankagona anthu anayi. Mwamuna wa Dorica ankagwira ganyu yoponda matope pomwe pali chimango, ikapezeka. Dorica mwini ankachapira anthu zovala ku Likuni. Mayankho onsewa adatuluka bwinobwino.

“Nanga madzi akumwa mumatunga kuti?”

Dorica adatsegula pakamwa, koma mawu adatulukira pakhonde.

“Pa kiyosiki,” adayankha aNambewe. “Tonse pano timamwa ogula pampopi wa pa kiyosiki.”

Dorica adayang'ana pansi. “Eya, a pa kiyosiki.”

“Chimbudzi mumagwiritsa ntchito mabanja angati?”

“Awiri,” adateronso aNambewe. “Tiye ndikakuonetse, ndikudziwa kuti mumafuna kuona.”

Adamutengera pambali pa nyumba yawo. Chimbudzi chidali cha simenti, chokolopa bwino, ndi chigubu chosambira m'manja pakhomo. Pachitseko padali loko. ANambewe adatsegula ndi kiyi yemwe adamasula pa mfundo ya chitenje chawo. Thokozire adaona loko uja, koma sadafunse kanthu. Adalemba zonse monga adamvera.

Atatsazika, Dorica adadzuka mwamsanga.

“Ndiwaperekeze alendo. Tidzere kuseriku, achemwali, njira yachidule ndi iyi.”

Kuperekeza mlendo palibe amene amaletsa, ndipo aNambewe adabwerera ku nyemba zawo. Dorica adatsogola, Olipa ali kumsana. Adadutsa mzere wa zipinda n'kukhotera kuseri. Apo Dorica adaima, ngati kuti akumanga bwino mbereko.

Padali chitsime chokumba ndi manja, chozungulira ndi tayala lakale. Ndowa zisanu zidandanda pambali pake. Mapazi khumi okha kuchokera pachitsimepo padali kachimbudzi kotchinga ndi masaka, kodzaza mpaka kukhosi, ntchentche zili ng'waa. Nthaka idatsetsereka kuchokera ku chimbudziko kulowera kuchitsime. Mtsikana wina wa sukulu adatunga madzi ndi kachitini n'kumwa pomwepo.

Dorica adamanga mbereko yomwe idali yomanga kale, nayang'ana Thokozire m'maso, kenaka tabuleti ija.

“Muyende bwino, achemwali,” adatero.

3. Mawu a mayi

Mayankho sankapita ku ofesi mpaka wofunsa atadina batani lotumizira. Thokozire adafika kwawo chakumadzulo asanadine. Adapeza mayi ake akutsuka chiwaya cha mandasi, ndipo adawafotokozera zonse.

Mayi ake adapukuta manja n'kukhala pa mpando wa ndalema.

“Mwana wanga, tamvera ine amene ndinakubala. Ntchito yakoyi ndi ya miyezi iwiri. Anthu a galimoto aja adzapita, tisheti idzasuluka, koma aNambewe tikhala nawo mpaka tsiku lotiika m'manda. M'tauni muno tilibe abale. Kwathu ku Ntcheu n'kutali. Abale athu ndi anthu a kumpingo. Bambo ako atatisiya unawaona a kafukufuku pa siwa? Amene anandigwira dzanja ndi mayi yemwe ukufuna kumulemba m'makina akoyo kuti ndi wabodza. Mawa abwere a zaumoyo kudzawazazira pamaso pa anthu awo a lendi, dera lonse limve kuti wawaulula ndi mwana wa pakhomo pano. Ine Lachinayi ndikakhala pati pa msonkhano wa amayi? Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iwe walemba zomwe wauzidwa, sunabe kanthu. Chitsime chimene chija anthu akhala akumwa zaka ndi zaka, sanafe.”

Mawu a mayi ake adali olemera, ndipo ena mwa iwo adali oona. Thokozire adatulutsa tabuleti, nayang'ana pomwe adalemba kuti “kiyosiki”. Kusintha kukadangotenga chala chimodzi. Chala chomwecho chidadina batani lotumizira.

Adamva kupepuka kwa kanthawi. Koma chakudya cha tsiku limenelo sichidatsike bwino.

4. Mvula yoyamba

Sabata yotsatira alangizi a zaumoyo adayenda ndi zigubu za kolorini m'makomo onse a pa mndandanda. Geti la aNambewe adalidutsa. Patapita masiku anayi mvula yoyamba idagwa, yamphamvu, yokokolola zinyalala m'ngalande zonse.

Lamulungu kutchalitchi, pa nthawi ya zolengeza, aNambewe adaimirira.

“Tipempherere mwana wa wochita lendi wanga, Olipa. Wagonekedwa kuchipatala cha ku Likuni, akutsekula m'mimba ndi kusanza kuyambira Lachisanu.”

Anthu adawerama. Thokozire sadathe kupemphera. M'makutu mwake mudangolira ngati muli njuchi. Mayi ake adamugwira pa bondo, koma iye sadawayang'ane. Mapemphero atatha sadadzere kunyumba. Adayenda wapansi mpaka kuchipatala, nafika nthawi yoona odwala itangokwana.

Olipa adagona pa bedi lalikulu, diripi ili padzanja. Maso adalowa m'kati, milomo idauma. Kamwana kosewera kaja sikadatembenuke n'komwe. Dorica adakhala pambali akukaingitsa ntchentche ndi nsonga ya chitenje.

“Akupeza bwanji?” adafunsa Thokozire.

“Anesi akuti tione mawa. Akuti tinachedwa kubwera.” Dorica adalankhula mosakweza mawu. “Tinkadikira bambo ake apeze ya kabaza.”

Thokozire adasendera pafupi ndi bedi.

“Achemwali,” adatero Dorica, “a zaumoyo anagawa mankhwala kwa aneba athu onse a chitsime. Ine ndinatuluka kukawadikira pageti. Anayang'ana pepala lawo, akuti pano palibe vuto, mumamwa a pa kiyosiki. Ndinkangoganiza kuti alakwitsa nambala.”

“Sanalakwitse,” adayankha Thokozire. Mawu ake adatuluka ang'onoang'ono.

Dorica adamuyang'ana nthawi yaitali. Sadakalipe, ndipo ndicho chidapweteka kwambiri.

“Ine pakhonde paja sindikanatha kulankhula. Munthu wa lendi akatsutsa eni nyumba, mawa katundu wake ali panja. A pa kiyosiki timatunga tsiku lomwe ganyu yayenda, masiku enawo ndi chitsime. N'chifukwa chake ndinakudutsitsani kuseri. Ndinati awa ndi ophunzira, alemba zomwe aona.”

Thokozire adalira. Adachita manyazi ndi misozi yakeyo, chifukwa woyenera kulira adali atakhala phee akuingitsa ntchentche. Adadziwa kuti walakwa, ndipo padalibe wina woti amukankhire mlanduwo. ANambewe adanama, mayi ake adamuopseza, koma wodina batani adali iye.

“Pa puloti paja pali ana angati?” adafunsa akupukuta maso.

“Khumi ndi mmodzi,” adayankha Dorica. “Onse akumwabe omwe aja.”

5. Pamaso pa woyang'anira

Lolemba m'mawa gulu lidakumana pa sukulu ina monga mwa masiku onse. Anzake atabalalika, Thokozire adatsalira. Adaika tabuleti patebulo pamaso pa Bambo Nedson n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu. Adanena za mphasa, za loko, za njira yachidule, ndi za Olipa.

Bambo Nedson adavula magalasi, nawapukuta pang'onopang'ono.

“Thokozire, manyazi adapha lambe. Ndakhala pa ntchito imeneyi iwe usanabadwe, ndipo ndaona ofunsa aulesi amene amakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuphika mayankho a mudzi wonse. Amenewo ndimawagwira msanga, chifukwa bodza lawo limafanana. Koma bodza la munthu waulemu ndi lovuta, limabwera litavala bwino. Iwe sunachite ulesi. Unaopa kuchititsa manyazi munthu wamkulu. Ulemu ndi wabwino, ine ndemwe ndimaufuna. Koma taganiza, pakhonde paja anthu analipo atatu. Mmodzi anali ndi nyumba, mpingo ndi dzina. Wina anali ndi mwana kumsana basi. Iwe unapereka ulemu wonse kwa amene anali nawo kale.”

Bambo Nedson adavalanso magalasi n'kupitiriza.

“Ukudziwa chimene ife tikufufuza? Tikufufuza chifukwa chake ana a osauka amadwala kuposa anzawo. Madzi ndi chimbudzi ndi mbali imodzi. Mbali ina ndi yomwe waionayi. Wosauka sangathe kunena vuto lake mokweza, chifukwa denga lomwe wagonamo ndi la mwini. Iwe unatumidwa kuti ukakhale pakamwa pake. Komanso bodza limodzi m'makinamu silikhala lokha. Likaphatikizana ndi mayankho ena, akuluakulu adzawerenga kuti ku Chinsapo madzi si vuto kwenikweni, n'kupita kukaika mipopi kwina.”

“Ndichotseni ntchito, bwana,” adatero Thokozire. “Ndi zondiyenera.”

“Za ntchito yako tikamba Lachisanu, ndipo sindikulonjeza kanthu. Lero kuli ana khumi amene sanadwale. Ndikuimbira mlangizi wa zaumoyo abwere ndi kolorini. Iwe ukhoza kutsala, nditenga wina.”

Thokozire adaganiza za mayi ake. Kenaka adatola chikwama chake.

“Ndipita nawo. Njira ndikuidziwa ndine.”

6. Loko wa aNambewe

Adafika dzuwa litakwera pang'ono, Bambo Nedson, Thokozire ndi mlangizi wa zaumoyo atanyamula chigubu. ANambewe adali akusesa pabwalo. Atamva kuti alendowo akufuna kuona chitsime cha kuseri, tsache lidaima.

“Chitsime chake chiti?”

“Amayi, sitinabwere kudzakuzengani mlandu,” adatero Bambo Nedson ataperekeza mawu ndi manja. “Tabwera ndi mankhwala, ana asadwale.”

Mlangizi adadutsa yekha kupita kuseri. Zitseko za lendi zidayamba kutseguka pang'onopang'ono, amayi akusuzumira. Nkhope ya aNambewe idasintha. Manyazi adafika kaye, ukali udatsatira pambuyo.

“Ine ndine mkazi wamasiye,” adatero aNambewe. “Chimbudzi china andikumbire ndani? Malo ake ali kuti pa puloti yodzaza chonchi? Anthuwa ndimawasunga ngati ana anga, ena miyezi imadutsa osalipira lendi, sindiwavutitsa. Lero andiitanire boma pakhomo? Ndikumudziwa amene wachita izi. Wapita kuchipatala n'kukayala nkhani zanga kwa anesi.”

Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi loko wamkulu. Adalunjika pa chitseko chachitatu, cha Dorica.

“Akabwera akapeze kwina kokhala. Pano ayi.”

Bambo Nedson adatsegula pakamwa, koma Thokozire adawapitirira. Adapita kukagwada pakati pa aNambewe ndi chitsekocho, m'matope momwemo.

“Amayi, Dorica sananene kanthu kwa munthu. Tsiku lija anavomereza zonse zomwe munanena. Amene ndaulula ndine. Ndinaona chitsime ndi maso anga, ndinalemba bodza chifukwa ndinkakuopani, ndipo Olipa wagona kuchipatala chifukwa cha ine. Ngati pali woti mumukwiyire, ndi ine. Chipindacho musatseke.”

ANambewe adayang'ana mtsikanayo ngati akumuona koyamba.

“Iwe, Thoko?” adafunsa motsitsa. “Mwana wa mnzanga?”

“Ine ndemwe, amayi.”

ANambewe sadatseke chitseko chija. Adaponya loko pakhonde, namanga bwino chitenje, n'kukonza duku. Adatuluka pageti osatsazika aliyense, ndipo adakhotera kumanzere, njira yopita kwa mayi ake a Thokozire.

Thokozire adadzuka. Miyendo yake inkafuna kuthamanga, akafike kunyumba aNambewe asanafike, mayi ake amve nkhaniyo kuchokera kwa iye. Adaponda kawiri kulowera kugeti.

“Ukhoza kupita,” adatero Bambo Nedson. “Koma pano patsala zitseko zisanu ndi ziwiri, ndipo aliyense afunika kumufunsa payekha.”

Adamutambasulira tabuleti ija. Thokozire adayang'ana kumsewu, kumene duku la aNambewe linkanka lichepa. Adalandira tabuletiyo ndi manja awiri n'kupita pa chitseko choyamba, chomwe sichidatseguke chiyambire phokoso lija.

“Odi,” adatero.

M'katimo mudamveka kukhuthuka kwa madzi m'beseni, kenaka mawu a mayi wotopa.

“Lowani msanga, achemwali. Mundigwirireko mwanayu, nayenso wayamba kutsekula m'mimba m'mawa uno.”